Kasanu ndi Kawiri, Kamodzi ndi Dothi

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kope ili andipatsa a Blackson. Masamba oyamba ananyowa ndi mankhwala, ndiye Madamu sangalembemonso. Ndang'amba atatu, otsalawa ndi anga. Pondipatsa akuti, "A Chete, poti pakamwa munakhomapo loko, mwina bolopeni ikuyankhulirani." Dzina langa ndi Mwanamvua koma chifikireni pano pa Nkope iwo amangoti a Chete. Sindinayankhe. Aseka.

M'mawa ku doko amayi ogulitsa usipa andifunsanso. "Iwe mwana wa kwa Mponda, m'nyumba muja mumaphikamo chiyani, zitseko zotseka tsiku lonse?" Ndangoyang'ana pansi. Yankho ndinali nalo koma silinatuluke. Ndililembe pano.

Timaphika tiwaya. Madamu Elina ndi dokotala wa sayansi wa ku yunivesite, anachita lendi nyumba ino nkusandutsa balaza kukhala labu. A Blackson ndi owathandiza, ali ndi dipuloma. Amathira m'botolo madzi oyeretsedwa otchedwa distila, ufa wa zinki ndi mankhwala ena, nkuikamo kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo. Botolo limakhala mu uvuni maola sikisi. Potuluka kagalasi kamakhala koyera mbuu ngati akawaza ufa. Kuyerako ndiye tiwaya. Dzina lake zinki okusaidi, akuti ndi yemweyo ali m'mafuta oyera opaka khanda likasupuka ndi thewera. Ndi maso sungatione. Pa laputopu ndinaona chithunzi chake, toimirira tothinana ngati bango la ku Shire. Akuti tiwaya chikwi kutimanga pamodzi ndiye kufika pa tsitsi limodzi.

Ntchito yake kununkhiza nsomba. Kagalasi amakalumikiza ku mita, akayandikiza nsomba yoyamba kuonongeka nambala imasuntha mphuno isanamve kanthu. Amayi a ku doko atamva anati, "Ife mphuno tinabadwa nazo zaulere."

Ine ndimatsuka mabotolo. Alipo eyiti, a milomo ikuluikulu ngati a jamu, lililonse ndi nambala yake. Lamulo ndi limodzi: botolo likhudzidwe ndi zinthu zitatu basi, sopo wa labu, madzi a distila pomalizira, ndi magolovesi. Keti, amene ankagwira ndisanabwere, anakwecha limodzi ndi sitiwulu. Anapita tsiku lomwelo.

Ine sindingapite. Amjomba a Sumani, achimwene awo a amayi, ananena poyera, ntchito ikatha ndibwerere kwa Mponda akandimangire nikaha, ukwati wa Chisilamu, ndi a Swadick a ku Joni. Ndinawaona pa foni pokha. Ali ndi imvi ku ndevu ndi mkazi wina ku Namwera.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Astaghafirullah. Allah andikhululukire.

Madamu ndi a Blackson anapita ku boma m'mawa kukatenga katundu. Mpopi wa mkati unauma, ndiye ndinatulutsa beseni la mabotolo ku mpopi wa kuseri, ndimati nditsukuluze koyamba kokha, zina ndikamalizire mkati. Foni inalira, amjomba. Netiweki imagwira pansi pa mango pokha. Ndinapita. Anayankhula za a Swadick, ine eya, eya, eya. Pobwera ndinapeza Sikono, galu wa eni nyumba, kamwa lili m'botolo la nambala faifi, akumwa madzi phwa phwa phwa. Dzuwa la lero ngakhale ine ndikanamwa.

Ndinam'thamangitsa. Kenako ndinaima pamenepo sindikudziwa mphindi zingati.

Amwalimu ku madarasa anatiphunzitsa tili ang'ono: chiwiya chikanyambitidwa ndi galu ndi najisi yaikulu, chodetsedwa pamaso pa Allah. Sopo sachotsa. Uchitsuke kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Amayi mbale yotere sankaibweza m'nyumba asanatero.

Ndinaganiza zongovala magolovesi nkutsuka monga mwa masiku onse. Koma botolo lomwelo libwerera m'beseni limodzi ndi anzake, madzi ake andidonthera pa nsalu, ndi nsalu yomweyo ndikaswali zuhuri, pemphero la masana. Ndipo mawa, ndi mkuja, tsiku lililonse ndizigwira. Kulitaya sindikanatha, Madamu amawawerenga. Kuwauza kuti ndinatulutsa mabotolo panja? Keti.

Ndinakatapa dothi lofiira pa chulu cha kuseri kwa khitchini. Ndinalisakaniza ndi madzi, nkupaka mkati monse ndi zala. Timchenga tinkalira pa galasi tswii, mtima wanga nkumati siya, siya. Kenako madzi kasanu ndi kamodzi. Nditatha ndinalowa mkati nkuchita za Madamu zonse, sopo, distila katatu, magolovesi. Ndinaliunika pa dzuwa. Loyera. Timizere tokha pansi pake, toti uyang'anitsitse kuti utione.

Pamaso pa Allah ndi loyera, pamaso pa Madamu ndi loyera. Bwanji sindinathe kudya masana?

Lachitatu, 9 Okutobala

Aphika lero, mabotolo anayi. Faifi analimo. Ndinkasesa pafupi ndi uvuni kawirikawiri mpaka a Blackson anati, "A Chete, simentiyo muimaliza." Tigalasi tatuluka toyera tonse chimodzimodzi. Alihamdulillah. Mwina zatha.

Lachinayi, 10 Okutobala

Sizinathe.

Ndinagula usipa m'mawa monga mwa masiku onse, unakhala m'mbale mpaka thu koloko. Anayamba kuyesa. Kagalasi ka m'botolo la wani, nambala yangosuntha pang'ono. Ka thu, chimodzimodzi. Ka fili. Atafika pa ka faifi ndinamva Madamu akukuwa, ndinaponya tsache ndimati wina wapsa.

"Blackson! Waona? Chotsa nsomba. Bwezera. Chotsanso!"

Nambala inkalumpha ngati yaona njoka. Akachotsa mbale imatsika, akabwezera imalumpha. Madamu, munthu woyenda ndi nkhope yomanga ngati hedimasitala, anavina. Anavinadi, malaya oyera ali m'thupi. Akuti miyezi seveni akufunafuna zimenezi. Akuti kagalasi aka kamamva kakhumi kuposa ena onse.

Kenako anakhala pansi nkutsegula buku. "Wachita chiyani chosiyana?"

"Palibe, Madamu. Ufa womwewo, madzi omwewo, uvuni womwewo. Mwina dzanja langali ladalitsidwa, mkazi wanga ali ndi pakati."

"Mu sayansi mulibe dzanja lodalitsidwa. Chilipo chimene chasintha."

Anawerenga mzere ndi mzere, sikelo, kutentha, maola. Ine ndinali pakhomo ndi tsache. Palibe anacheuka. Wotsuka mabotolo safunsidwa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Madamu andigulira mandasi awiri, akuti tonse tisangalale. Ndapatsa Sikono limodzi, pomuponyera patali. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Holide ya anakubala. Ndinakwera minibasi kupita kwa Mponda kukaona amayi, ndabwera madzulo ano.

Amayi aonda. Anandigwira masaya nkuti ndayera, mpweya wa m'labu ukundiyanja. Tisanamalize ndi tiyi yemwe amjomba analowa ndi jumbo. Nsalu ziwiri, mpango wonyezimira, nsapato zazikulu kuposa phazi langa. Zochokera ku Joni. Kenako anaimba foni ya vidiyo nkundiikira kumaso. A Swadick ali m'shopu, kumbuyo kwawo mabuledi.

"Asalamu alaikumu, mayi. Nsapato zakwana?"

Ndinayankha salamu yokha.

"Wamanyazi," anatero amjomba. "Ndi amene amasunga banja amenewa."

Foni itadulidwa ndinafuna kunena kuti sindikufuna. Ndinakonza mawu kuyambira pa Nkope, mseu wonse. Anafika pakhosi nkukhala pomwepo ngati munga wa chambo. Amjomba anandiyang'ana nthawi yaitali nkuuza amayi, "Mwaona, chemwali? Namwali akakhala chete ndiye kuti wavomera. Ngakhale ashehe amatero."

Amayi anati, "Achimwene, paja munati ntchito ikatha."

"Ndinatero, ndipo sindibweza. Koma ntchito za azimayi a ku yunivesitezi zimatha ngati mvula ya chizimalupsa."

Jumbo ndaisiya konko. Ndinati mulibe malo m'chikwama.

Lachitatu, 16 Okutobala

Aphikanso kawiri tsopano chichitikireni zija, mabotolo onse eyiti. Palibe kofanana ndi kaja. Ka faifi ka ulendo wachiwiri kanayeserako pang'ono, ka ulendo wachitatu kangokhala ngati anzake. Madamu sakuvinanso.

Masana ndimapukuta tebulo iwo akuyankhula okha. Mwadzidzidzi anati, "Mwanamvua, khala pansi. Ndikafotokozera munthu mutu wanga umatseguka." Ndinakhala m'mphepete mwa mpando.

Anajambula timadontho pa pepala. Akuti m'kawaya kalikonse tizidutswa ta zinki tinakhala m'mizere, aliyense pamalo pake, ngati anthu pa swala mu mzikiti. Magetsi amadutsamo movutikira. Koma mlendo mmodzi akalowa mu mzere nkukhala pamalo pa zinki, mwachitsanzo aluminiyamu, amabwera ndi kamphamvu kena kapadera kopanda pokhala. Kameneko kamangoyendayenda, ndiye magetsi amayenda mosavuta. Mlendo mmodzi pa anthu handiredi, kaya pa chikwi, basi kawaya konse kasintha khalidwe. Akachuluka amaononganso.

"Ukamuika wekha mwadala, utamuyeza pa sikelo, timati dopingi. Akalowa yekha iwe osadziwa, ndi litsiro. Chinthu chimodzi chomwecho. Kusiyana kwake ndi kudziwa basi."

Anandifunsa ngati ndamva. Ndinagwedeza mutu. Ndinamva kuposa mmene akuganizira.

"Ndikuganiza kuti mlendo analowa m'kagalasi kaja," anatero. "Koma ndani, analowera khomo liti?"

Ndinati ndikaone madzi pa moto. Panalibe madzi pa moto.

Lachisanu, 18 Okutobala

Kagalasi kaja akadula pakati. Theka alikulunga bwinobwino, lipita ku Joni ndi mnzawo wa Madamu, kuli makina otha kutchula chilichonse chili mkati ndi dzina lake. Masabata awiri kapena atatu.

Zonse zondisowetsa mtendere zili ku Joni.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndinayesa lero. Madamu anali okha. Ndinaima pambali pawo nkuti, "Madamu." Anati, "Ee?" osachotsa maso pa laputopu. Ndinati distila watsala pang'ono.

Ndimadziuza kuti mwina si dothi. Ndinatsuka kasanu ndi kawiri, kenako sopo, kenako distila katatu. Chingatsale nchiyani? Koma ndikakumbuka mlendo mmodzi pa chikwi, ndi timizere tija pansi pa botolo.

Loweruka, 26 Okutobala

Kutentha. Magetsi anazima pakati pa kuphika, zonse zatayidwa. A Blackson aonetsa chithunzi cha kuchipatala, mwana ali m'mimba, mutu ngati mbatata. Akuti akakhala wamkazi amutcha Zinki. Madamu sanaseke.

Lolemba, 4 Novembala

Yankho labwera pa imelo.

Madamu anawerenga mokweza. Zinki, eya. Okusijeni, eya. Aluminiyamu. Ndi chitsulo pang'ono pokha.

Ndimayembekeza kuti asangalala poti mlendo wadziwika. Ayi. Anavula magalasi nkuwaika pa tebulo pang'onopang'ono.

"M'nyumba muno mulibe mankhwala a aluminiyamu. Sindinagulepo. Ndiye walowa bwanji?"

A Blackson anati, "Si nkhani yabwino, Madamu? Tigule aluminiyamuyo, tiziika tokha."

"Tigula, afika Januwale. Koma iwe sukumva. Ngati chinthu chingalowe m'botolo langa ine osadziwa, ndiye kuti zonse ndalemba chaka chino sindikuzidziwa. Pa 15 ndikaima pamaso pa amene anatipatsa ndalama za ntchitoyi. Ndikawauza chiyani? Kuti labu yanga ili ngati msika, aliyense amangolowa?"

Anatsegula madilowa onse. Masipuni, zotsekera, mapoto a kukhitchini anawayang'ana ngakhale salowa m'labu. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Sunagwiritsepo sitiwulu?" Ndinati ayi. Ndi zoona. Ndinanena zoona ndipo ndikumva ngati ndanama pa Kurani.

Lachiwiri, 5 Novembala

Apeza foyilo, pepala lonyezimira lija, m'dilowa ya pansi ya a Blackson. Amakulungira chambo chootcha akamapita nacho kwa mkazi wawo ku Zomba kumapeto kwa mwezi, tonse timadziwa.

"Foyilo ndi chiyani, Blackson? Wa dipuloma iwe, ndiuze."

"Aluminiyamu, Madamu. Koma sindinayandikize ku botolo, ndikulumbira."

"Chotsekera cha faifi chimadontha. Sunaikepo kachidutswa pansi pake?"

"Ndikanalemba m'buku."

"Ukanalemba ukanakhala kuti sukuopa."

Anakangana mpaka anayamba Chingerezi chokhachokha. Ine ndinali ku sinki, msana kwa iwo, ndikutsuka botolo limodzi lomwelo kanayi.

Lachitatu, 6 Novembala

Madamu anaphika okha, ataika kachidutswa ka foyilo m'botolo kuti aone. Kagalasi katuluka kofundukafunduka ngati mamba, mita osasuntha nkomwe. A Blackson anati, "Mwaona? Si ine." Madamu anati zangoonetsa kuti iwo aika wambiri, a Blackson anaika wochepa. Kenako anati chapansipansi, ngati akudzifunsa okha, "Koma chitsulocho chachokera kuti?"

Dothi la pa chulu ndi lofiira ngati dzimbiri la pa malata.

Madamu awauza a Blackson kuti apite kwawo akayembekeze. Akuti sangagwire ntchito ndi munthu amene sangamukhulupirire, atumiza kalata ku yunivesite Lolemba.

Lachinayi, 7 Novembala

A Blackson apita ndi minibasi ya seveni koloko. Ndinawanyamulira chikwama chimodzi mpaka pa mseu. Njira yonse ankayesa nthabwala koma sizimapsa.

Pa siteji anati, "A Chete, inu mumaona zonse. Munandionapo ndikuika foyilo m'botolo?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye mukanawauza." Anaseka pang'ono. "Iyayi, ndikukuvutitsani. Inu ndi mawu ndi paulendo." Kenako anati mkazi wawo akuchira mwezi wamawa, sakudziwa akamuuza chiyani. Kondakitala anakuwa Liwonde Zomba, anakwera. Anatulutsa dzanja pa windo nkundipatsa magolovesi amene anatsala m'thumba mwawo. "Musamale mabotolo anga."

Ndabwerera ndatseka chitseko cha chipinda changa. Ndikanena, ndipita kwa Mponda, nsapato zazikulu zija zikundidikira. Ndikapanda kunena, kalata ipita Lolemba.

Ndinatsuka botolo kuti ndiswali ndili woyera. Lero ndaima pa mkeka, ndanyamula manja, mawu osabwera.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndalemba izi nditakhala pa bedi, chikwama ndalongedza kale.

Cha m'ma teni Madamu anali pa laputopu, ndinaona pamwamba pa tsamba dzina la a Blackson. Kalata ija. Ndinabweretsa tiyi. Ndinaika. Sindinachoke. Ndinangoima ngati mtengo.

"Chilipo?"

Zimene ndinakonza zonse zinathawa. Chinatuluka ndi funso.

"Madamu, m'dothi muli aluminiyamu?"

"Wambiri," anatero akulembabe. "Dongo lonse ndi aluminiyamu wosakanikirana ndi zina. Likakhala lofiira ndiye kuti mulinso chi—"

Zala zinaima. Anatembenuka ndi mpando womwe.

Ndinanena ndikuyang'ana zala za kumapazi. Mpopi, foni, Sikono, chulu. Kasanu ndi kawiri. Mawu ankatuluka aang'ono, kawiri anati kweza mawu. Sindinalire mpaka pamene ndinafika pa a Blackson.

"Galu," anatero. "Dothi. M'botolo langa."

"Eya, Madamu."

"Chifukwa chiyani osangotsuka ndi sopo? Sopo uja amachotsa chilichonse."

"Sachotsa najisi."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chiyao. Anafunsa najisi nchiyani, ndinafotokoza mmene ndikanathera. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Mwezi wathunthu, Mwanamvua. Unaima apo ndikumutcha mnzako wabodza. Unamunyamulira chikwama."

Madamu analoza chitseko.

"Tuluka. Sindikufuna kuyankhula ndili chonchi."

Kuyambira pamenepo chitseko cha labu nchotseka. Sanadye masana. Ndamva akuyenda uku ndi uku. Foni ya amjomba yalira kawiri, sindinayankhe.

Loweruka, 9 Novembala

Anagogoda sikisi koloko. Ndinatsegula chikwama chili m'manja. Anachiyang'ana nkuti, "Ika pansi icho. Choyamba foni."

Anaimba okha nkundipatsa. A Blackson anayankha ndi mawu a tulo. Ndinanena zonse kachiwiri, Madamu ataima pomwepo. 

"Galu? Ine ndagona masiku awiri osauza mkazi wanga chifukwa cha Sikono?" Anaseka, koma si kuseka kwawo kuja. "Pa siteji paja ndinakufunsa, iwe." Sananditchulepo iwe chiyambire. Ndinati pepani. Anati, "Ndibwera Lolemba chifukwa ntchito ndi yanga. Pepaniyo usunge kaye, sindinafike poilandira."

Madamu anatenga foni, anapepesa nawonso, nthawi yaitali, akuyenda cha ku mango. Pobwera anali ndi beseni, muli mabotolo anayi, ndi buku lawo.

"Lamulo langa likuti upite. Keti ndinamuchotsa pa chochepa kuposa ichi, ndipo zikundivuta. Koma pa 15 ndiyenera kukanena chimene chinachitika, ndipo sindinganene chimene sindinachione chikubwerezedwa. Manja amene akudziwa ndi akowa okha. Ukhala mpaka Disembala monga tinapangana. Za kutsogolo tidzakamba atatu, Blackson alipo. Koma kuyambira lero chilichonse chochitika m'nyumba muno uzinena tsiku lomwelo, ngakhale ntchentche itagwera m'madzi. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndi pakamwa."

"Ndamva, Madamu."

Anandandalika mabotolo pa simenti kuseri. Limodzi lisakhudzidwe ndi kanthu. Limodzi dothi lokha. Limodzi galu yekha. Limodzi galu ndi dothi, monga tsiku lija.

Ndinati, "Koma Madamu, limene galu sananyambite silifuna dothi."

"Ine ndikulifuna. Ndidziwa bwanji kuti ndi chulu, osati malovu a Sikono?"

Kenako dokotala wa ku yunivesite ananjuta pansi ndi malaya oyera, botolo la madzi m'manja, akuitana, "Sikono, bwera, bwera kuno bambo." Sikono anabwera, ananunkhiza, anayasamula nkukagona pa mthunzi. Anayesanso. Anamunyengerera ndi Chingerezi chomwe.

"Samwa panopa," ndinatero. "Wamwa kale ku mpopi m'mawa. Tsiku lija dzuwa linali pamutu. Tim'bisire madzi, tidikire cha m'ma leveni. Ndipo dothi si la pamwamba, ndinakumba pang'ono, mbali ya chulu yoyang'ana kukhitchini, lonyowerako. Ndinatapa ndi zala zitatu."

Madamu anatsegula buku pa bondo.

"Pang'onopang'ono," anatero. "Zala zitatu ziti? Ndionetse."